Kodi foniyi inayamba yafikako ku Nayuchi?

Pali kanthu kena kamene kakundisowetsa tulo, ndipo ndikhulupirira kuti nanunso palibe anakufotokozerani. Masiku ano munthu akafuna kutenga banja lake kuchoka kuno ku Mecanhelas kupita ku Malawi, kaya ku ukwati ku Zomba, kaya kukaona achemwali ku Blantyre, safunsanso dalaivala wa chapa, timaminibasi tathu tija. Amaitana mwana, mwanayo n'kudinadina pafoni, foniyo n'kuyankha pompo: maola akutiakuti ndi mphindi 7. Maolawo ndilibe nawo mlandu. Changa chili pa mphindi 7 zo. Bwanji osati 5, kapena 10? Wonena motsimikiza chotere ndiye kuti anauyenda msewuwo wotchi ili m'manja. Ndiye ndani ameneyo? Ananyamuka pa boma pathu pa Insaca tsiku lanji, pa galimoto ya yani, ndipo zinatheka bwanji kuti palibe anamuona?

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma masamu a ulendo ndimawakumbukira. Aphunzitsi ankati utenge mtunda ugawe ndi liwiro. Makilomita 90, galimoto ikamathamanga 60 pa ola, ndi ola limodzi ndi theka. Palibe chovuta. Koma makilomita 90 omwewo, galimoto ikamakwawa 20 pa ola, ndi maola 4 ndi theka. Mtunda sunasinthe, galimoto ndi yomweyo, woyendetsa ndi yemweyo, koma maola 3 angotulukira. Tsono kuno kwathu, m'madambo a Chilwa ndi Chiuta, msewu wa fumbi umakhala wina mu Ogasiti, wina mu Febuluwale. Mu Ogasiti vuto ndi fumbi ndi mabampu basi. Mu Febuluwale makande akamwa madzi, matayala amangozungulira pamodzimodzi, anthu avula nsapato akukankha, matope ali m'maondo. Foni ija ikamagawa, imagawa ndi liwiro la mwezi uti?

Ndipo taonani nthawi imene mabanja timayenda. Ana amatsekera sukulu kumapeto kwa chaka. Pa 25 Disembala, tsiku limene boma la Mozambique limalitcha Dia da Família, aliyense amafuna akakhale ndi abale ake, ndipo ambirife abale athu ali tsidya linalo. Malire amene Angelezi ndi Apwitikizi anapangana mu 1891 anadutsa pakati pa anthu olankhula zofanana, ndipo nkhondo imene inatha mu 1992 inawolotsa enanso ambiri, ena n'kukwatira konko. Motero amalume a pa Nayuchi, amene tambala wawo amadzutsa anthu a pa Entre-Lagos, akuti ali kunja kwa dziko, pamene Maputo, kumene ambirife sitinapondeko, ndiye kwathu. Imeneyo tiisiye, ndi ya tsiku lina. Changa n'chakuti mwezi woyenda ndi womwewonso wa mvula. Kodi amene anapanga mapuwa ankadziwa kuti timawafunitsitsa pa nthawi imene misewu imasiya kufanana ndi mapu?

Ndinakafunsa mnyamata wina wokonza mafoni pamsika. Anaseka kaye, kenako n'kundiuza kuti, "Madala, palibe anayenda ndi wotchi." Akuti makina amadula msewu m'zidutswazidutswa, chilichonse n'kuchipatsa liwiro lake, kenako n'kuphatikiza. Liwirolo amalitenga ku malamulo a pamsewu ndi ku mtundu wa msewuwo, koma makamaka kwa mafoni a anthu amene anadutsapo kale ndi amene akudutsapo panopa. Foni iliyonse imene yalola kudziwika pamene ili imanong'oneza kuti ndili pano, tsopano ndafika apa, makinawo n'kuwerengera mmene msewu ukuyendera. Ndinagwedeza mutu, ndinathokoza. Koma pobwerera ndinayamba kuwerenga mafoni a m'mudzi mwathu. Ambiri ndi timafoni ta mabatani. Amene ali ndi zazikulu amazimitsa intaneti kuopa kutha kwa mamega, ndipo pena netiweki imafuna munthu akwere pachulu. Ndiye amene amanong'oneza za msewu wathu ndani? Ngati ndi a galimoto zazikulu za mabungwe zija, za matayala ataliatali, nthawi imene foni ikundipatsayi ndi yanga kapena yawo? Nanga ngati ndi anyamata a njinga zamoto, amene amawoloka pa kamlatho ka mitengo iwiri, makinawo akudziwa kuti ine matayala ndili nawo 4?

Musati ndikuwanyoza makinawa. Ndikungofunsa. Mu Febuluwale 2020 kunamveka nkhani ya Simon Weckert, waluso wa ku Berlin, amene analongedza mafoni 99 m'kangolo kokoka pamanja n'kumayenda nako pang'onopang'ono m'misewu yopanda magalimoto. Pa Google Maps misewuyo inafiira psuu, kusonyeza kuti pali mdipiti wa magalimoto oima. Munthu mmodzi, wapansi, ndi kangolo kamodzi. Tsono ngati mafoni 99 anabala magalimoto amene kunalibe, kusowa kwa mafoni kumabala chiyani? Msewu umene palibe foni yadandaulapo, makina amauyesa wabwino kapena wosadziwika? Ndipo ngati ndi wosadziwika, bwanji osangonena?

Mu Seputembala chaka chomwecho a Google analengeza kuti nthawi zimene amalosera zimalondola pa maulendo oposa 97 mwa 100 alionse, n'kuwonjezera kuti mothandizana ndi DeepMind anazikonzanso bwino m'mizinda ya Berlin, Jakarta, São Paulo, Sydney, Tokyo ndi Washington. Ndinafunafuna tauni yapafupi nafe ya Cuamba pamndandandapo. Mwina anangoiwala. Komabe 97 ndi nambala yabwino, mwana atabwera nayo ku mayeso nthungululu zimveka mudzi wonse. Ine ndikufuna 3 otsalawo. Amakhala kuti? Anamwazikana dziko lonse mofanana, kapena anasonkhana malo amodzi? Munthu wa m'tauni wochoka kunyumba kupita ku ofesi m'mawa uliwonse amapatsa makinawo maulendo mazanamazana olondola, pa msewu umene iye safunanso kuuzidwa. Ife ulendo wathu ndi umodzi pachaka, ndipo ukalakwika walakwika wonse. Kodi ulendo umodzi umenewo uli ndi kulemera kotani pa sikelo yawoyo?

Ndiponso kwawo komweko matope amawazunguza. Mu Juni 2019, ku Denver ku America, madalaivala pafupifupi 100 opita ku bwalo la ndege anatsata njira yolambalala imene mapu anawaonetsa pozemba ngozi ya pamsewu waukulu, n'kukathera m'kamsewu ka dothi mvula itagwa, ena n'kutitimira. Aliyense ankangotsata mnzake, poti wakutsogolo amaoneka wodziwa. Ngati matope a ku Colorado anawapusitsa makinawa, makande a ku Chiuta awachita zotani?

Ena amati foni imaona zonse kuchokera kumwamba. Koma akuti masetilaiti a GPS, amene ali makilomita pafupifupi 20,000 m'mwambamo, sationa n'komwe. Amangoulutsa nthawi ndi pamene ali, foni n'kudziwerengera yokha malo ake. Zithunzi za m'mwamba zimene timaona pamapu nazonso si za lero. Tsono Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 asodzi anasiya mabwato pa nthaka yong'aluka. Madzi anabwerera, ndipo namondwe wa Freddy atawomba mu Marichi 2023 anasefukira mpaka m'minda, milatho yambiri kummwera kwa Malawi n'kukokoloka. Pamapu nyanjayo imangokhala yabuluu chimodzimodzi chaka ndi chaka. Chinthu chosadziwa pamene nyanja yalekezera chaka chino chingadziwe bwanji mphindi imene ndikaimike galimoto pakhomo pa achemwali ku Ndirande?

Palinso nkhani ya chipata. Kuchoka kuno munthu atha kutulukira pa Entre-Lagos, kulowa pa Nayuchi m'boma la Machinga, n'kulunjika ku Liwonde. Athanso kuzungulira, kukakwera tala wa N13, kutulukira pa Mandimba, kulowa pa Chiponde, kutsika mapiri a Namwera, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, n'kukafika ku Liwonde komweko. Yoyamba ndi yaifupi, yachiwiri ndi yaitali. Foni imakonda yofulumira, ndipo yofulumirayo imaipeza ndi masamu aja a liwiro losadziwika kochokera. Kodi njira yaifupi imene yakudyera tsiku lonse timaitchabe yaifupi?

Tifike pa boda penipenipo. Apa ndiye mutu wanga umaima. Foni imawerenga nthawi yoyenda, koma pa boda ntchito yake ndi kuima. Mumatsika nonse. Bambo wagwira mapasipoti m'kajumbo, mayi wabereka wamng'ono, wina akukoka chitenje kuti akufuna madzi. Mudinditse kotuluka. Muyende, mukadinditsenso kolowa, mafomu amene mbali ino anali m'Chipwitikizi tsopano ali m'Chingelezi, ndipo cholembera ndi chimodzi mzere wonse. Ikatha ya anthu iyambe ya galimoto, poti nayo ili ndi mapepala ake: kabuku ka galimoto kotchedwa livrete, chilolezo choilowetsera m'dziko la eni kwa masiku owerengeka, inshuwalansi ya mbali inayo. Mametikali asanduke makwacha, ndipo wosinthayo muwerenge naye kawiri. Mukapeza basi yangotsitsa kumene anthu 60 patsogolo panu, ingofunani mthunzi. Mapu ena amachita kukuchenjezani ndi timalemba tating'ono kuti njirayi ikudutsa malire a dziko. Ndiye kuti akudziwa. Chabwino, poti akudziwa, anaikapo mphindi zingati? Ndipo popeza boda ili ndi nthawi yake yotsekera, munthu wofika atachedwa ndi mphindi 10 wachedwa ndi mphindi 10 kapena ndi usiku wonse?

Sitima ndiye ili ndi mwayi. Njanji yolumikiza Malawi ndi doko la Nacala inatsegulidwa mu 1970, ndipo kuchoka pa Cuamba kufika pa Entre-Lagos ndi makilomita 77. Lero pamadutsa malasha ochokera ku Moatize, ulendo wa makilomita 912 mpaka kunyanja yamchere. Ikakupezani podutsira, mumazimitsa injini, ana n'kuyamba kuwerenga mabogi mpaka kusokonezeka. Malasha amalowa m'Malawi n'kutulukanso, alibe mwana wolira, alibe apongozi oti akawalonjere. Kapena nthawi ija foni imatipatsa ndi ya malasha?

Ndikutero chifukwa foni imafunsa ngati mukuyenda pa galimoto, pa basi kapena wapansi, koma sifunsa kuti muli angati. Ulendo wa banja mumapangana kunyamuka 5 koloko m'mawa. Nthawiyo ikakwana, apongozi atulukira ndi thumba la mpunga, dengu la matemba ouma ndi nkhuku yomanga miyendo, zonse za kwa achemwali, ndipo palibe mkamwini wamoyo amene anganene kuti malo atha. Mutsitse zonse, mulongedzenso. Agogo apemphere, ndipo pemphero la ulendo wa kunja silikhala lalifupi. Mutangopitirira pa sukulu, wina wakumbukira kuti nsapato za ku ukwati zatsala pakhonde. Kenako wamng'ono wasanza. Kenako wamkulu akufuna kutchire, koma pamene anzake amapita iye anati alibe. Agogo maondo auma, atsike awongole. Zonsezi si ngozi ayi, ndi mmene banja limayendera chiyambire. Tsono ulendo umene makina anawerengawo ndi wa munthu wotani, wosadya, wosataya madzi, wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe m'mbali mwa msewu?

Ife tili nawo. Pali amalume amene nyumba yawo ili pamsewu penipeni, ndipo galimoto amaidziwa. Mukadutsa osaima, nkhani ikafika kwanu inu musanabwerere. Mukaima kuti tingopereka moni, mungomva nkhuku ikukuwa kuseri kwa nyumba. "Mphwanga, anawa apite ndi njala ine ndilipo?" Foni ili napo poti muwonjezere malo oimapo, ndinaona ndi maso anga. Koma imawerengera kuti mukafika mungokhudza chitseko n'kupitirira. Nsima ya amalume ndi mphindi zingati?

Mukaponda tala wa ku Malawi mumati tsopano tithamange. Pa Liwonde apolisi ali pa chotchinga, aone laisensi, aone matirayango, asuzumire m'buti. Mukwere zitunda za Machinga kumbuyo kwa lole ya matumba imene ikupuma movutikira, popitirira palibe. Pa Songani kapena pa Thondwe likakhala tsiku la msika, msewu ndi wa anthu, njinga za kabaza, mbuzi ndi madengu a tomato. Kwina mupeza masamba aikidwa pamsewu, ndipo aliyense woleredwa amadziwa kuti pamenepo pali maliro, achepetse liwiro, atseke wailesi. Masambawo dzulo panalibe, mkuja sadzakhalapo. Makina a ku California amatha kuwerenga masamba?

Za mafuta ndingonena mwachidule. Chakumapeto kwa 2024 anthu ku Malawi ankagona m'magalimoto pamizere ya petulo. Pamapu kachizindikiro ka pampu kanali pomwepo, kowala bwinobwino. Kodi kamasonyeza pamene pali mafuta, kapena pamene mafuta anayamba akhalapo?

Koma chondizunguza koposa ndi ichi. Ponyamuka foni yati mukafika 1 koloko masana. Mwaimbira achemwali, iwo atereka ndiwo. Pa boda mukayang'ananso yati 3 koloko. Pa Liwonde yati 5. Pa Zomba yati 6. Sichita manyazi, sipepesa, sikumbukira n'komwe kuti inatchulapo 1 koloko. Pomaliza mukamaima pachipata, nthawi ya pafoni ndi ya pa wotchi zili ndendende, aliyense n'kumati koma makinawa ndi olondola. Alamu anga akamasuntha motero tsiku lobweza ngongole, timawatcha dzina lina. Kodi 97 ija anaiyeza ndi lonjezo loyamba kapena lomaliza?

Ndipo nambalayo ikayamba kuthawa, tayang'anani nkhope ya woyendetsa. Wasiya kucheza, phazi layamba kulemera. Mayi a ana kumbuyo akuti, "Abambo, tachepetsani, muli ana muno." Iye akuti, "Tachedwa." Tachedwa kwa yani? Kuchoka pa Liwonde kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 120. Pa 60 ndi maola 2. Kuti mubweze ola limodzi lotayika muyenera kuthamanga 120 njira yonse, m'zitunda, m'misika, pakati pa anthu oyenda m'mbali mwa tala, mdima ukugwa ndipo njinga zilibe nyali. Palibe munthu wanzeru angasankhe zimenezo atakhala pansi kunyumba kwake. Koma kanambala ka pakona pa foni kamamusankhira. Apa ndiye sindikuseka. Ola limene akulithamangitsalo linalipo n'kale, kapena linangolembedwa ndi makina amene sanamuwerengere boda, maliro ndi ana ake omwe?

Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife timafunsa ndithu. Tangosintha wofunsidwa. Dalaivala wa chapa ukamufunsa za ulendo womwewu sayankha msanga. Amayamba wakufunsa iwe. Galimoto yanji? Muli angati? Mapepala ali bwino? Usiku wathawu kwanu inagwa? Kenako aimbire mnzake amene wadutsako m'mawa, amve za kamlatho kena kamene dzina lake silili pa mapu alionse. Pomaliza anene kuti, "Achimwene, mukalawirira tambala woyamba, Mulungu akalola, dzuwa likamapendeka muli ku Zomba. Koma tengani zofunda." Ife timachoka tikung'ung'udza kuti anthu awa sapereka yankho lolunjika. Chonsecho yankho lakelo muli mvula, muli boda, muli zofunda. Bwanji timakhulupirira amene sanatifunse kanthu, n'kukayikira amene watifunsa zonse? Kapena vuto lake n'loti timawadziwa amayi ake?

Mwana wanga akuti ndisadandaule, mapu atha kusungidwa m'foni kuti azigwira popanda intaneti. Zoona. Koma akutinso akakhala osungidwa chotero sadziwa zimene zikuchitika pamsewu panthawiyo. Ndipo mukangowoloka, khadi ya kuno imayamba kudya ndalama mosayang'ana nkhope kapena kungoti zii, pamene ya ku Malawi imafuna kulembetsa ndi chiphaso musanaigwiritse ntchito. Ndiye kuti mlangizi wathuyu amagontha tikafika kwa eni, kumene sitidziwa njira. Pa Insaca, pamene ndingayende nditatsinzina, ndiye amalongolola osapuma, khotani kumanja, khotani kumanzere. Ndimufuniranji kumene ndikudziwa, nanga amakhala ali kuti kumene ndasochera?

Akuti ntchito yonseyi ndi yaulere, choncho tisamadandaule. Chabwino. Koma banja likauzidwa kuti ulendo ndi wa tsiku limodzi, limatenga ndalama za tsiku limodzi: mafuta, mapepala a pa boda, tchipisi cha ana, ndi kangachepe ka akwati. Dzuwa likakulowerani pa Mandimba chipata chitatsekedwa, kapena pa Liwonde maso a woyendetsa atafiira, pafunika zipinda ziwiri, mgonero wa anthu 6, ndi kenakake ka mlonda woyang'anira mpunga wa apongozi. Ndalamazo zichoka mu envelopu ya akwati, palibenso kwina. Mwini resitihausi amalemba lisiti bwinobwino, n'kudindapo ndi chidindo chomwe. Inu amene mumadziwa zinthu, tandiuzani: lisiti limeneli timakapereka ku ofesi iti?